Kodi Pangano la COMESA Limaposa Malamulo a Malawi?

Funso: Ndikuphunzira zamalamulo. Tinawerenga kuti lamulo la European Union limaposa la dziko lililonse la mumgwirizanowo. Kodi COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, ndi chimodzimodzi? — Wophunzira, Area 25, Lilongwe

Yankho: Ayi, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa pamayeso. Ku Ulaya khoti linagamula mu 1964, pa mlandu wa Costa v ENEL, kuti malamulo awiriwa akasemphana, la mgwirizano ndilo litsatidwe. Kwathu kuno yambirani pa ndime 211 ya Konsitichushoni: pangano lomwe boma lasaina Konsitichushoni itayamba kale kugwira ntchito limakhala lamulo pokhapokha Nyumba ya Malamulo italikhazikitsa. Siginecha ya nduna payokha sikwanira. Werenganinso ndime 5, yomwe imati lamulo losemphana ndi Konsitichushoni lilibe mphamvu.

Komabe musapeputse COMESA. Ndime 26 ya pangano lake imalola munthu kapena kampani kukasuma ku khoti la COMESA, koma atayamba wadutsa m'makhoti a dziko lake. Amalonda akalumpha sitepe imeneyi, mlandu umathera pakhomo. Bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda lili konkuno ku Lilongwe. Zigamulo zake ziwerengeni ndithu.