Za ulendo wokaona mapikoko ndi ana

Achemwali, pa funso lanu la nthawi yabwino yotengera ana kukaona mapikoko kumudzi ku Angónia kuja, ku Mozambique, ine ndingoti pitani pakati pa Okutobala ndi Disembala, ndipo muyesetse kukhala pamalopo m'mamawa kapena chakumadzulo kukazizira. Miyezi imeneyi ndi pamene yaimuna imatambasula mchira pokopa zazikazi, nyengoyi ikadutsa nthenga zazitali zija zimathothoka, ndiye mukapita cha mu Malichi ana akangoona mbalame yoyendayenda basi nkukhumudwa.

Ife chapa (minibasi) yochokera ku Tete inachedwa kudzaza, tikufika ku Ulongwe, likulu la Angónia, dzuwa lili paliwombo, mapikoko onse ali phee pamthunzi. Tinadikira mpaka cha m'ma 4 koloko ndi pamene imodzi inatambasula, nthenga zikunjenjemera mpaka kumveka kaphokoso, mwana wanga wamng'ono anangoti kukamwa yasa, mpaka lero amaikambabe. Ndiye tengani kamba wokwanira ndi madzi, kudikira kulipo. Zina mukaziona zilibe mchira musadabwe, yaimuna imaukwanitsa ikafika zaka 3.

Mukafika yambani mwalonjera eni khomo, mbalamezi kwawo ndi ku India, kuno zimachita kuwetedwa, kachimanga kapena ma meticais pang'ono musaiwale. Ana asazithamangitse chonde, zikhadabo zake nzakuthwa, ikakanda mwana makamaka pafupi ndi diso thamangani naye kuchipatala. Mukakopeka kugula anapiye ake funsani kaye alangizi a ziweto, chitopa chimagwiranso mapikoko, mungakapatsire nkhuku zanu kunyumba.