Yanga inali ya zipolopolo 6, yawo 30

Achemwali amene mwafunsa mugulu lino, ndalama imene mlongo wanuyo akupempha kuti agulire mfuti asanalowe mumgodi ku Joniko musatumize. Ngakhale 1 kwacha musatumize. Ndawerenga makomenti onse pamwambapa, ena mukuti mwamuna azidziteteza, ine mpaka manja akunjenjemera polemba izi, chifukwa mawu amenewo ndi omwe ndinauzidwa ine ndili ku Benoni, ndipo ndinagula.

Ine ndinapita ngati wina aliyense, kukagwira maganyu a m'magadeni. Miyezi ingapo zinthu zitauma, akuluakulu ena akwathu, munthu amene ndinkamutchula kuti malume chifukwa anakulira limodzi ndi mayi anga, anandiuza kuti mphwanga ukuvutikiranji ndi khasu pamene golide ali pansi pa mapazi ako. Anandiyambitsa pamtunda, kupukusa phenduka. Amene simudziwa, ndi chisilinda cha gasi chodulidwa, mkati amaikamo miyala yoswa, madzi, mipira yachitsulo ndi mercury, ndiye umazunguza ndi manja tsiku lonse mpaka mapewa kuchita dzanzi. Mukatero mumafinya pakansalu, kotsalako n'kuwotcha, golide n'kuoneka. Utsi wake timangopuma choncho. Ndalama ya apo ndi yochepa, yeniyeni ili pansi, ndiye ndinapempha ndekha kuti nditsike. Apo m'pamene malume aja anati pansi salowa chimanjamanja, ndipo anandibweretsera mfuti atakulunga mu pulasitiki ya buledi.

Inali .38, ija ya kagudumu kozungulira kolowa zipolopolo 6. Nambala yake anali ataipala ndi tupa. Zipolopolo zinalimo 4 zokha, zobiriwira m'mbali ngati ndalama yakale. Sindinaiyesepo ngakhale kamodzi, ukayesera kuti? Ndinawapatsa ndalama yonse imene ndinkasungira malata. Ndikaiika m'chiuno ndinkadzimva ngati msilikali.

Tinatsika anthu 7, Amalawi atatu, enawo aku Mozambique ndi Zimbabwe. Tinakhala pansi masiku 9. Za kutentha, za kugona pamwala, za kudya buledi ndi nsomba zam'chitini mumdima, zimenezo ndisiye, ena munena. Ine ndikufuna ndinene za potuluka.

Tinatuluka cha m'ma 2 koloko usiku, mu June, kuzizira kuja kwa ku Joni koswa milomo. Dzenje lake linali laling'ono, umatuluka chokwawa mmodzimmodzi, thumba la miyala ukulikankha patsogolo. Patsogolo panga panali mnyamata wakwathu, wa zaka 22, amene tinkagona chipinda chimodzi. Atangoimirira n'kuyamba kudziphumula fumbi, ndinaona anthu atatu ovala mabulangete akudzuka pa udzu. Sanafuule, sanafunse kanthu. Ndinangomva phokoso ngati munthu akung'amba lata ndi manja. Si kuti phu! phu! monga mmene mumaganizira ayi, ndi kung'ambika kumodzi kotalika. Miyala ya pakamwa pa dzenje inandilasa kumaso, tochi yapachipumi inathima, makutu anangoti ngwiii. Mnyamata uja anandigwera pamsana, ndipo ndinamva chinthu chofunda chikutsikira m'khosi mwanga.

Ndinasolola mfuti ija. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, ndinaloza kumene kunkachokera moto n'kukoka. Inangoti kha. Ndinakokanso. Kha. Zipolopolo zija zinali zakufa kalekale, mwina chinyontho cha pansi chinangomalizitsa. Ndipo chimene chinandipulumutsa n'chimenecho, chifukwa ikanalira akanadziwa pamene ndinagona, ndipo bwenzi lero mukusonkhetsa ndalama za bokosi langa mugulu lomwe lino. Ndinaikankhira m'dzenje ndi chigongono, n'kugona chafufumimba ngati wakufa. Mmodzi anabwera n'kundiponda pamutu ndi jombo, anatenga matumba onse, anativula nsapato, n'kumapita akuyenda pang'onopang'ono, osathamanga n'komwe. Mzimbabwe mmodzi anali atafa kale. Enawo anabwerera pansi.

Mnzanga uja anamulasa pantchafu, pamwamba pafupi ndi mphechepeche. Polowera chipolopolo panali kabowo kakang'ono, potulukira ndinalowetsa chibakera. Ndinamanga ndi lamba wa tochi, kenako ndi malaya anga, magazi osaleka. Ankangoti achimwene ndikumva kuzizira, achimwene musawauze amayi kuti ndinali kumgodi. Ndinamubereka mpaka kumsewu, ndilibe nsapato, minga ndi magalasi osweka osazimva n'komwe. Kuimba ambulansi ndinaopa, chifukwa bala la mfuti limabwera ndi apolisi, ndipo ine pasipoti inali itatha kalekale. Ndinamukhazika pafupi ndi malo omwetsera mafuta, ndinagogoda pawindo la wogulitsa, n'kuthawa. Inde, ndinathawa. Anamwalira kusanache. Mayi ake mpaka lero amadziwa kuti inali ngozi ya galimoto, ndipo ndikakumana nawo pachigayo amandipatsa moni ndi manja awiri.

Tsono imvani za malume aja. Ndi anthu awiri okha pamtunda amene ankadziwa usiku umene tidzatuluke: wotitsitsira chakudya ndi iwo. Wotitsitsira chakudya anamupeza atamangidwa ndi waya m'tchire. Iwo foni yozima masiku atatu. Atatulukira, mawu awo oyamba anali akuti mfuti ija ili kuti, ndili ndi wina akuifuna. Osafunsa za maliro! Pa chipereganyu chotumizira thupi kumudzi anaponya R200, n'kumauza anthu kuti anyamata a masiku ano samva. Pambuyo pake ndinamva kwa aku Mozambique aja kuti munthuyo ntchito yake inali yomweyo: amagulitsa mfuti zakufa kwa atsopano, kenako n'kugulitsa atsopanowo kwa eni mfuti zamoyo. Amadya kawiri pa mutu umodzi. Lero ali kumudzi, ali ndi maminibasi, kutchalitchi amakhala kutsogolo. Ndikamuona mtima umachita kuwira. Ngati muli mugulu lino malume, mukudzidziwa, ndipo magazi a mwana uja sadzakusiyani.

Inu amene mukuti agule mfuti, mukudziwa chimene akakumane nacho? Anthu aja amanyamula AK-47. Magazini imodzi zipolopolo 30, ndipo akagwira osasiya zimatha m'masekondi atatu. Imapha munthu ali pa mamita 300, pamene kamfuti kam'chiuno ngati kanga kaja, munthu wosaphunzira ngakhale chitseko cha pa mamita 20 amachiphonya. Mfuti ija siopa fumbi kapena matope, n'chifukwa chake amaikonda kumigodi. Zambiri zinatsala pa nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992, ife a m'malire tikukumbuka mmene zinkadutsira m'midzi nthawi ya othawa kwawo. Ena ali ndi R5, zija za asilikali. Ndiye mlongo wanuyo apite ndi kagudumu ka 6? Kuli ngati kupita ndi gogodela wa agogo, woti uthire onga, usinje ndi kachitsulo, mnzako akukudikira. Ndipo pansi pamgodi mfuti ndi yoipa koposa, chipolopolo chikamenya mwala chimabwerera kwa aliyense, sichisankha kuti uyu ndi mwini wake.

Komanso malamulo akumeneko laisensi ya mfuti amapereka kwa nzika kapena wokhala ndi mapepala okhazikika basi. Akangomupeza nayo, ndende yake imafika zaka 15, ndipo mfuti yopala nambala sudziwa inapha angati isanafike m'manja mwako. Milandu yonseyo adzasenza ndi iye.

Nkhani ya mfuti ndi migodi kumeneko sinayambe lero. Agogo anga anapita pa Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni, anabwerako Kamuzu ataletsa ulendowo ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo ankatisimbira za Marashea, magulu a Asotho ovala mabulangete amene anayamba m'makomboni a ku Joni m'ma 1940. Nthawi imeneyo zida zawo zinali zibonga ndi nkhwangwa. Ngakhale kale kwambiri, dayamondi atapezeka ku Kimberley m'ma 1870, anthu ankayenda mitunda italiitali kukakumba kuti malipiro agulire mfuti, mpaka boma la azungu la ku Cape litafuna kulanda Asotho mfuti zawo mu 1880 panabuka nkhondo, ndipo silinathe kuwalanda. Koma mfuti za nthawi imeneyo zinali zowomba kamodzi n'kudzazanso. Munthu unali ndi mpata wothawa. Ine mpata umenewo sindinauone. Sindikunena kuti Msotho aliyense ndi chigawenga, amene anandipatsa nsapato m'mawa wake uja anali mayi wachisotho wogulitsa magwinya, mandasi akumeneko.

Ndipo musaiwale kuti ambiri safa ndi mfuti n'komwe. Ku Boksburg mu July 2023 anthu 17 anafa ndi mpweya wotuluka m'silinda imene azama zama, anthu okumba golide mozemba m'migodi yakale, ankagwiritsa ntchito, ena mwa iwo ana amene sanaonepo mgodi. Ku Stilfontein apolisi atatseka pakamwa pa migodi n'kuletsa chakudya kulowa, mu January 2025 anatulutsa mitembo 78 ndi amoyo 246 owonda ngati nkhuni. Pamenepo mfuti ikanamuthandiza chiyani munthu? Ungawombere njala?

Ndiye achemwali, muuzeni asapite. Abwerere kumagadeni, kapena abwere kumudzi. Koma ndikudziwa sakumverani, inenso sindinamvere, ndipo ndisaname, patapita miyezi iwiri ndinatsikanso, katatu, chifukwa ndinali ndi ngongole ya maliro, ndipo nyumba ndikugonamo inoyi malata ake ndi a golide yemweyo. Ngati waumirira, asagule mfuti yake, koma alowe gulu limene lili ndi alonda awoawo pamtunda, a mfuti zenizeni, azilipira gawo lawo osanyinyirika ngakhale likuwawa. Tsiku lotuluka asauze munthu, makamaka wakwathu. Asakhale woyamba kutuluka m'dzenje. Nambala yanu ailembe papepala n'kuisokera mkati mwa kolala, chifukwa foni ndi nsapato amalanda, koma malaya amagazi sawafuna. Ndipo mumufunse bwinobwino kuti amene akufuna kumugulitsa mfutiyo ndi ndani, kwawo n'kuti, ali ndi minibasi kumudzi kapena ayi. Akakuyankhani mundilembere ku inbox usiku womwewo.