Njira zam'tchire pa Nyamapanda

Mayi wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare, wandilembera kuti mchimwene wawo alibe pasipoti, kumudzi ku Mwanza ku Malawi kwagwa maliro, ndipo anzake amulozera anyamata owolotsa anthu m'tchire pafupi ndi Nyamapanda, chipata cha pamalire a Zimbabwe ndi Mozambique. Akufunsa ngati mabomba okwirira pansi aja akadalipo kapena ndi nkhani zakale chabe.

Akadalipo, amayi. Asilikali a Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu pa nthawiyo, anawakwirira m'zaka za m'ma 1970 m'malire a dziko lino ndi Mozambique, pofuna kutsekera njira omenyera ufulu. Nkhondo inatha, ufulu unabwera mu 1980, koma mabombawo palibe anawauza.

Malume anga anadukira mwendo ku Mukumbura akulondola ng'ombe yosochera. Sanali alendo kumeneko. Njira imene anapondapo ankadutsamo tsiku ndi tsiku popita kudambo. Koma chaka chimenecho mvula inagwa yambiri, madzi anakokolola dothi, ndipo bomba linasuntha n'kukakhala pomwe anthu ankati ndi pabwino. Anawanyamula pa ngolo kupita nawo kuchipatala. Atachira anabwera kuno ku Harare, n'kumasoka nsapato ku Mbare mpaka imfa yawo. Mukawafunsa za mwendo, iwo ankangodandaula za ng'ombe ija. Sankaseka ayi: m'madera amenewo ng'ombe zophedwa ndi mabomba zapitirira 120,000, ndipo banja likataya ng'ombe ndiye kuti lataya khasu ndi sukulu ya ana.

N'chifukwa chake anyamata owolotsa anthuwa amandipsetsa mtima. Amati njira akuidziwa. Akuidziwa bwanji, kuposa munthu wokulira konko? Ndalama amalandiriratu, mwendo ukaduka ndi wanu.

Palinso bodza lina lomwe lapha anthu, loti m'kati mwa bomba muli mankhwala odula otchedwa red mercury. Ndinalimvanso m'kombi ya ku Highfield, bambo wina akulinena motsimikiza ngati anagulitsapo. Mulibe chilichonse m'menemo koma onga wophulika. Amene amalitsegula amaduka manja kapena kuchita khungu, ngati wapulumuka n'komwe.

Inde, ntchito yochotsa ikuchitika. Bungwe la HALO Trust linayamba mu 2013, mabungwe a MAG ndi Norwegian People's Aid aliponso, la APOPO linagwirapo ntchito kummwera kufupi ndi nkhalango ya zinyama ya Gonarezhou. Mozambique inalengeza mu 2015 kuti yamaliza minda yonse ya mabomba imene inkadziwika. Kuno amagwada pansi n'kumafukula pang'onopang'ono, bomba limodzilimodzi, ndipo sanamalize.

Koma tinene chilungamo, vuto la mchimwene wanuyo ndi mapepala. Ambiri a ife ana a matchona tinakula tikutchedwa alendo kuno, ku Malawi nakonso sakutidziwa. Malamulo a dziko a 2013 anati wobadwira kuno amene kholo lake ndi la dziko la SADC ndi nzika, koma alipo akuluakulu aimvi amene mpaka lero alibe chitupa chobadwira. Munthu wotereyu maliro akagwa aganiza chiyani, ngati si tchire?

Ndiye achite chiyani?

Apite ku ofesi ya kazembe wa Malawi akafunse chikalata choyendera mwadzidzidzi, adutse pa chipata, akwere basi ya ku Tete mpaka Zobue, pamalire a Mozambique ndi Malawi. Zikakanika, atumize chipepeso, adzapite pomanga chiliza. Ndipo akaona chikwangwani chofiira cha chigaza m'mbali mwa msewu, asapatuke ngakhale kukataya madzi.