Tete mpaka Beira pa ndege: mtunda wake ndi nthawi yake yeniyeni

Mayi ena a ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, anditumizira email, akuti mwana wawo akumaliza sukulu ku Beira ndiye akufuna apite pa ndege koyamba. Funso lawo ndi loti mtundawo ndi wautali bwanji, nanga bwanji foni ikuwauza theka la ola pomwe anzawo akuti ndi ola lathunthu?

Mayi, foniyo sikunama, anzanuwonso sakunama. Kuchoka pa bwalo la ndege la Chingozi ku Tete kukafika pa bwalo la Beira, molunjika mlengalenga, ndi makilomita pafupifupi 430. Ndege ya jeti ikakhala pamwamba imayenda cha m'ma 800 pa ola, ndiye mukagawa mupezadi mphindi 30 ndi kenakake. Koma sikuti imangonyamuka ili pa liwiro limenelo ayi, imayamba kaye yayenda pang'onopang'ono pansi paja, kenako kukwera, isanakhazikike bwinobwino yayamba kale kutsika, pa mtunda waufupi chonchi mwina mungomwa kamadzi basi amvekere mangani malamba. N'chifukwa chake pa tikiti amalemba pafupifupi ola.

Pamsewu ndi nkhani ina, N7 kudutsa Changara, Guro, Catandica, kukalowa N6 musanafike ku Chimoio, kenako Inchope, Dondo mpaka Beira, makilomita pafupifupi 600, tsiku lonse lathera pampando.

Koma inu ulendo wanu sukuyambira pa Chingozi, ukuyambira ku Angónia, ndipo apa ndi pomwe anthu amadzinamiza. Ulongwe mpaka Tete ndi makilomita opitirira 200, pa chapa chodikira kuti chidzaze, kutsitsa uyu kukweza uyo ndi matumba ake a mbatatesi, kudzafika ku Moatize maola anayi apita. Mwayi wake bwaloli lili tsidya lomwe mukuchokeralo, mbali ya Matundo, simuwoloka mlatho wa Samora Machel. Muyeneranso kufika kukadali ola ndi theka kapena awiri kuti ayeze katundu ndi kuona BI yanu, chiphaso cha unzika chija, musaiwale imeneyo chonde, ikhale m'kachikwama ka m'manja osati pansi pa zitenje mu sutikesi. Ndiye ola limodzi lija lasanduka maola 7 kapena kuposa. Ine ndikanakhala inu ndikanagona ku Tete dzulo lake, kutentha kwake mungopirira usiku umodzi, kusiyana n'kumakangana ndi kondakitala ndege ikukusiyani.

China, musanapereke mameticais anu onani pa tikiti ngati palembedwa escala, kutanthauza kuti ndegeyo ikaima kaye pa bwalo lina. Si tsiku lililonse pamakhala ndege yolunjika, matikiti ena amakuzungulitsani ku Maputo, makilomita pafupifupi 1,100 kuchoka ku Tete, kenako n'kubwereranso kumpoto ena opitirira 700, kuphatikiza kudikira pa bwalo. Tikiti yotereyo ine sindingagule, bola basi ya m'mawa. Afunseni ogulitsawo tsiku lomwe kuli yolunjika, mukonze ulendo wonse potengera tsiku limenelo.