Mafunso Anu: Kodi Dziko Limasankha Bwanji Abwenzi Ake?

Makalata ambiri amene afika ku ofesi yathu kuno ku Lilongwe mwezi uno akufunsa za ubale wa Malawi ndi mayiko ena. Tasankhapo anayi.

Funso: Pa wailesi ndimamva za "mfundo zoyendetsera ubale ndi mayiko akunja". Kodi amazipanga ndani? Kapena zimangotengera maganizo a amene ali pampando? (Bambo wa ku Area 25)

Yankho: Bambo, amene ali pampando ali ndi mphamvu zambiri ndithu. Gawo 89 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa pulezidenti mphamvu zokambirana ndi kusayina mapangano ndi mayiko ena, kusankha akazembe athu komanso kulandira akazembe ochokera kunja. Ntchito ya tsiku ndi tsiku imagwiridwa ndi unduna woona za ubale ndi mayiko akunja ku Capital Hill. Akazembe athu amatumiza malipoti a zimene akuona kumene ali, akuluakulu a undunawu amafunsa anzawo a ku maunduna a zachuma, zamalonda ndi zachitetezo, kenako nduna imatengera nkhaniyo ku msonkhano wa nduna zonse.

Komatu pali chinthu chimene pulezidenti aliyense amachipeza chili chomwecho ndipo amachisiya chili chomwecho: Malawi alibe doko la kunyanja yamchere. Mafuta agalimoto, feteleza ndi mankhwala zimalowera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, ndipo fodya, tiyi ndi shuga zimatulukira komweko. Tikakangana ndi Mozambique kapena Tanzania, amene amayamba kumva kuwawa ndi mlimi wofuna feteleza ndi dalaivala wa minibasi.

Mukamvetsa zimenezi mumvetsanso zimene Kamuzu Banda anachita. Dziko litangolandira ufulu mu 1964, nduna zina, kuphatikizapo Kanyama Chiume amene ankayang'anira za mayiko akunja, zinkafuna kuti Malawi atalikirane ndi Apwitikizi, amene ankalamulira Mozambique panthawiyo, komanso boma latsankho la South Africa. Kamuzu anakana, ndipo nkhaniyi inali imodzi mwa zimene zinabutsa mkangano wa nduna mu Sepitembala chaka chomwecho. Mu 1967 anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi South Africa, zimene mayiko ena a anthu akuda ankakana. Ngongole yochokera kumeneko inathandiza kumanga likulu lino, limene linalowa m'malo mwa Zomba mu 1975, komanso njanji yolumikiza Malawi ku doko la Nacala imene inatsegulidwa mu 1970. Phindu linalipo, koma mtengo wake unali waukulu: kwa zaka zambiri anansi athu sankatikhulupirira. Nkhondo yapachiweniweni itakula ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, njanji za ku Beira ndi Nacala zinaonongeka, katundu anayamba kuzungulira mtunda wautali kudzera ku Durban, ndipo dziko lino linasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni.

Chitsanzo china chimatipweteka mtima mpaka lero. Mu Okutobala 2010 boma linachita mwambo wotsegulira doko la Nsanje, cholinga chili choti katundu azidutsa pa mtsinje wa Shire ndi Zambezi mpaka kunyanja yamchere. Bwato lonyamula feteleza limene linayenera kufika pamwambowo linaimitsidwa ndi boma la Mozambique, limene linati kafukufuku woona mmene ntchitoyi ingakhudzire mtsinje ndi chilengedwe anali asanachitike. Madzi ambiri a njirayo ali m'dziko la eni ake. Doko linamangidwa mgwirizano usanapse, ndipo ife tikuona kuti cholakwa chachikulu chinali pamenepo.

Funso: N'chifukwa chiyani tinasiya Taiwan n'kutsata China? Sizikanatheka kukhala paubale ndi onse awiri? (Mphunzitsi wa ku Kawale)

Yankho: Aphunzitsi, pa ukazembe sizitheka. Boma la ku Beijing limati China ndi dziko limodzi ndipo Taiwan ndi mbali yake, choncho aliyense wofuna ubale nalo amayenera kuthetsa kaye ubale wa boma ndi boma ndi Taiwan. Mpando wa China ku United Nations unaperekedwa kwa Beijing mu 1971, koma Malawi anakhalabe ndi Taiwan kuyambira 1966 mpaka kumapeto kwa 2007, pamene boma la Bingu wa Mutharika linasintha; chilengezo chinatuluka mu Januwale 2008. Lero mu Africa muno ndi Eswatini yekha amene watsala ndi Taiwan.

Boma linawerengera kukula kwa thumba ndi msika. Zotsatira zake mumaziona ndi maso: Nyumba ya Malamulo, Bingu International Convention Centre, bwalo la masewero la Bingu ku Area 48, yunivesite ya MUST ku Thyolo ndi msewu wa Karonga–Chitipa. Chofunika kusiyanitsa n'chakuti zina zinali mphatso, monga Nyumba ya Malamulo, pamene zina, monga bwalo la masewero, zinali ngongole yoti tibweze. Walira mvula walira matope. Panalinso zotayika: madokotala a ku Taiwan amene ankathandiza pa chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene dzikolo linamanga, anachoka. Kusintha bwenzi kumafuna kukonzekeratu amene adzatole ntchito zimene woyambayo wasiya panjira, makamaka zokhudza odwala.

Funso: Kazembe amasankhidwa bwanji, ndipo n'zoona kuti angathe kuthamangitsidwa popanda chifukwa? (Mayi wa ku Biwi)

Yankho: Mayi, ndondomeko yake ili m'pangano la ku Vienna la 1961, limene pafupifupi mayiko onse amatsatira. Kuno kwathu pulezidenti amasankha munthu, ndipo komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za kusankhidwa kwa anthu m'maudindo imamufunsa mafunso n'kumuvomereza kapena kumukana. Dzina lake limatumizidwanso mwachinsinsi ku dziko limene akupitalo kuti livomereze. Dzikolo lili ndi ufulu wokana osafotokoza chifukwa, ndipo nthawi zambiri limangokhala chete osayankha. N'chifukwa chake si nzeru kulengeza dzina yankho lisanabwere, munthu amachita manyazi pachabe. Akavomerezedwa amanyamula zikalata zomuzindikiritsa zosayinidwa ndi pulezidenti, amapereka kope lake ku unduna wa kumeneko, kenako amakapereka zenizenizo kwa mtsogoleri wa dzikolo. Mwambo umene mumauona pa kanema ku Kamuzu Palace ndi umenewu. Pakati pa mayiko a Commonwealth, monga Malawi, Zambia ndi Britain, kazembe amatchedwa High Commissioner, koma ntchito ndi yomweyo.

Kazembe samangidwa kapena kuzengedwa mlandu waupandu m'dziko limene akugwira ntchito, ndipo apolisi salowa mu ofesi yake popanda chilolezo chake. Chida chimene dziko lomulandira lili nacho ndi ndime 9 ya panganoli: kunena kuti munthuyu sakufunikanso, ndipo silikakamizidwa kupereka chifukwa. Choncho n'zoona.

Kukhala ndi ufuluwo n'kosiyana ndi kuugwiritsa ntchito mwanzeru. Mu Epulo 2011 boma linathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, kalata yake yachinsinsi yodzudzula ulamuliro wa Bingu itaululika. Kulemba malipoti otere ndi ntchito ya kazembe aliyense, athu omwe amalemba. Britain inabwezera pothamangitsa woimira Malawi ku London, ndipo mu Julayi inaimitsa thandizo lolowa mwachindunji mu bajeti ya boma. Mwezi womwewo, pambuyo pa zionetsero za pa 20 Julayi, America inaimitsa thandizo la madola 350 miliyoni la ntchito zamagetsi. Apa n'kuti ndalama zakunja zikusowa kale ndipo mizere ya mafuta ili mbwee. Njira zofewerapo zinalipo: kumuitana kazembeyo ku unduna n'kumudandaulira, kulemba kalata yodandaula ku boma lake, kapena kupempha mwakachetechete kuti amusinthe. Ubale ndi Britain unakonzedwa mu 2012 Joyce Banda atatenga utsogoleri.

Funso: Pulezidenti akasayina pangano kunja, kodi basi lasanduka lamulo kuno? (Wophunzira wa ku Bunda)

Yankho: Ayi. Kusayina kawirikawiri kumangosonyeza kuti dziko lagwirizana ndi mawu a m'panganolo. Chotsatira ndi kulitsimikiza, pamene boma limatumiza chikalata kwa osunga panganolo kunena kuti tsopano latimanga. Ngakhale zitatero, gawo 211 la malamulo oyendetsera dziko lino limati pangano latsopano limakhala mbali ya malamulo a dziko lino pokhapokha Nyumba ya Malamulo itakhazikitsa lamulo lonena choncho. Musasokonezenso pangano ndi zikalata za kumvana zija amati MoU, zimene nduna zimasayina pa maulendo: zambiri mwa izo zimangofotokoza zolinga, ndipo ngati mulibe ndalama, masiku ndi ofesi yoyang'anira, zimathera m'kabati.

Vuto lenileni limabwera mapangano awiri akawombana. Malawi ndi membala wa ICC, khoti lapadziko lonse loweruza milandu ikuluikulu monga ya pankhondo, kuyambira 2002, komanso ndi membala wa African Union, bungwe limene linauza mayiko ake kuti asamange Omar al-Bashir, amene panthawiyo anali pulezidenti wa Sudan ndipo ankafunidwa ndi khotilo. Mu Okutobala 2011 Bashir anabwera kuno ku msonkhano wa bungwe la zamalonda la COMESA n'kubwerera bwinobwino, ndipo khotilo linagamula kuti Malawi sanakwaniritse udindo wake. Mu 2012 boma latsopano la Joyce Banda linasankha mbali inayo: linakana kumulandira, African Union inaumirira kuti aitanidwe, ndipo msonkhano waukulu umene unayenera kuchitikira ku Lilongwe mu Julayi unasamukira ku Addis Ababa. Mahotela ndi amalonda a mumzinda uno anataya alendo amene ankawayembekezera, koma mu Juni chaka chomwecho America inatsegulanso thandizo la magetsi lija.