Mababu a kutsogolo akangopsapsa, yambani mwayeza alternator

Funso: A mekaniki, ndili ndi Probox yomwe ndimanyamulira kachewere ndi kabichi kuchokera ku Tsangano kupita ku Lizulu ndi pa Ntcheu boma. Mababu a kutsogolo sakukhalitsa. Ndikaika latsopano, pakatha milungu iwiri kapena itatu lapsa, lero la kumanja, mawa la kumanzere, makamaka dimu. Apolisi apamsewu atopa nane. Vuto ndi mababu kapena mawaya?

Yankho: Achimwene, mwanena kuti akupsa mbali zonse ziwiri mosinthana. Zikatero musavutike ndi kusenda mawaya. Kawirikawiri alternator, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, imakhala ikutchaja mopyola muyeso chifukwa regulator yake, kachipangizo koletsa moto kupyola muyeso, yatopa, ndiye ngakhale mutagula babu lodula motani lipsa basi.

Pezani multimeter, mita yoyezera magetsi, muiike pa 20V DC. Waya wofiira pa + ya batire, wakuda pa –. Injini isanalire, batire labwino limaonetsa 12.4 mpaka 12.6. Nambala imeneyi ilibe ntchito kwenikweni pa vuto lanu. Lizani injini, muisiye itenthe kaye. Izi ndi zofunika kuno kwathu, chifukwa m'mamawa wa June kapena July ku Tsangano ndi ku Dedza kumazizira kwambiri, ndipo regulator imakweza moto pang'ono dala kukazizira. Mukayeza injini itangolira mutha kuona 14.6 kapena 14.7 n'kuimba mlandu alternator yosalakwa. Ikatentha, mita iyenera kukhala pakati pa 13.8 ndi 14.4.

Apa ndi pamene ambiri amachotsa mita n'kunena kuti zonse zili bwino. Ayi. Galimoto simuiyendetsa itangoima ikulira chamunsi. Wina akhale pa mpando, aponde mafuta mpaka 2,500 rpm, agwire pomwepo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, inu maso ali pa mita. Kenako ayatse nyali ndi fani, aponde, asiye, apondenso. Regulator yabwino siisuntha kwambiri, imangosewera pang'ono pa 14. Yowonongeka imakwera limodzi ndi phazi: 14.9, 15.3, mwina kufika 16. Ina imakhala bwinobwino kenako n'kudumpha mwadzidzidzi n'kubwerera, n'chifukwa chake ndikuti musachotse maso. Ikapitirira 14.8 injini ili yotentha, mlandu watha.

Musaone ngati theka la volt ndi laling'ono. Babu la halogen likalandira moto woposa muyeso wake ndi 5 peresenti yokha, moyo wake umafupika pafupifupi ndi theka. Pa 15.5 babu loyenera kukutumikirani maola mazanamazana limatha m'masabata ochepa. Dimu ndi imene imayamba kupita chifukwa ndi imene imayaka nthawi yaitali, makamaka kwa inu onyamuka usikusiku kuthamangira msika, mukuyendanso mu chifunga.

Zizindikiro zina mwina mwaziona kale koma simunazilabadire. Nyali zimawala kwambiri mukaponda mafuta, madzi a m'batire amauma msanga, pa boneti pamamveka fungo la mazira owola, timababu ta mabuleki ndi ta nambala natonso tikupsa.

Musanagule regulator, onani zinthu ziwiri. Ma terminal a batire akhale omanga ndi oyera. Batire ndi limene limameza moto ukadumpha, ndiye terminal yogwedera, ija mumaikhomera ndi mwala kapena kuipanikiza ndi msomali, imasiya moto wonsewo kuti ukathere m'mababu. Chachiwiri, pa Toyota zambiri pulagi ya kumbuyo kwa alternator ili ndi kawaya kolembedwa S, komwe kamauza regulator mphamvu ya batire. Kakachita dzimbiri, regulator imaganiza kuti batire lachepa moto n'kumangowonjezera. Tsukani pulagiyo, muyezenso. Ikakanabe, sinthani regulator. Sikofunika kugula alternator yonse ngati zina zili bwino.

Ndipo wina akafuna kuyeza alternator yanu pozula terminal ya batire injini ikulira, mukanizeni. Njira imeneyo imaotcha mababu, regulator, ngakhale kompyuta ya galimoto. Pojampitsa galimoto, nyali zikhale zozimitsa.

Funso: Ine yanga ndi minibasi ya Dedza–Lilongwe. Likupsa ndi la kumanzere lokha. Mita ikuonetsa 14.2.

Yankho: Ndiye alternator isiyeni, bambo. Mbali imodzi ndiye kuti vuto lili pomwepo pa nyaliyo. Zulani soketi muiyang'ane. Ikakhala yakuda, yosungunuka, kapena ikulowa mopepuka osagwira, dulani muike ina, yabwino ndi ya ceramic, mulumikize ndi solder osati kupota mawaya n'kukulunga tepi. Onani kawaya kachitsulo kamene kamapanikiza babu. Kakathyoka, babu limangogwedera mkati, ndipo kumanzere ndi kumene kumadya mabampu mukamatsika m'mphepete mwa tala kukweza anthu. Gwedezaninso nyali yonse ndi dzanja, mwina makutu ake anathyoka n'kumangidwa ndi waya. Mukaona nthunzi kapena timadontho mkati mwa galasi, madzi akulowa. Nthawi zambiri ndi chifukwa choti wina anataya chilabala chakumbuyo kwa nyali posintha babu.

Babu lopsalo musalitaye musanaliyang'ane. Galasi likakhala loyera ngati mwalowa utsi wamkaka, linasweka n'kulowa mpweya, fufuzani madzi. Likakhala langwiro koma kawaya ka mkati kaduka, ndi kugwedezeka kapena ukalamba. Kawaya kosungunuka kokhala ndi timibulu kumapeto ndi moto wochuluka. Galasi lotupa mbali imodzi ndi chala chanu.

Funso: Chala changa bwanji? Komanso kusitolo anandiuza kuti mababu a 100/90W ndi olimba kuposa wamba.

Yankho: Galasi la halogen siligwiridwa ndi manja, mayi. Mafuta a pakhungu amatsalira pamenepo, malowo amatentha kuposa pena ponse, galasi n'kufooka. Gwirani kuchitsulo kwake. Mukaligwira mwangozi, pukutani ndi spirit, liume, kenako muliike.

Za 100/90W anakunamizani. Galimoto yogwiritsa ntchito mababu a mtundu wa H4 inapangidwira 60/55W. Babu la 55W limakoka ma amp pafupifupi 4.5, la 100W limapitirira 7, pa mawaya ndi soketi zomwe sizinapangidwire zimenezo. Mapeto ake soketi yasungunuka, switch yapsa, chonyezimira cha mkati mwa nyali chafuwa, ndipo mukuona pang'ono kuposa kale uku mukuthobwa m'maso anzanu pa M1. Kuika fyuzi yaikulu kuti isamaduke ndiye kuitana moto weniweni. Mababu a buluu aja olembedwa “xenon” pa paketi ndi halogen wamba wopakidwa utoto, ndipo ambiri sakhalitsa.

Gulani a Osram kapena Philips, koma yang'anitsitsani paketi chifukwa achinyengo ali mbwee. Werenganinso pachitsulo pa babu, palembedwe 12V. A 24V ndi a malole, mu galimoto yanu angowala ngati koloboyi, ndipo la 12V likaikidwa mu lole limapsa nthawi yomweyo. Posintha, sinthani onse awiri, lakalelo likhale lapadera m'galimoto mutalikulunga m'kapepala koyera.