Mafunso pa Chichewa: kolona ndi manenedwe ake

Mwezi wa Okutobala ukamayandikira, mafunso okhudza kolona, pemphero la Akatolika lonenedwa pa mikanda, amachuluka. Ena ndi a kalembedwe chabe, koma ambiri amachokera kwa anthu amene adabwa kuti pemphero lomwe adaliloweza ali ana likumveka mwina akapita ku parishi ina. Ndasankhapo anayi.

Funso loyamba lachokera kwa mphunzitsi wa katekisimu ku Ntcheu: "Ndikulemba kalata yoitanira akhristu a m'mphakati mwathu ku mapemphero a mwezi uno. Ndilembe kolona kapena korona? Nanga ndi kolona wathu kapena kolona yathu?"

Lembani kolona, aphunzitsi. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa, amene adatuluka mu 1973 n'kukonzedwanso mu 1980 ndi 1990, amati r azibwera pambuyo pa i ndi e, pamene l amabwera pambuyo pa a, o ndi u. N'chifukwa chake timalemba kulira ndi kulera, koma mbale, khola, sukulu. Mukapeza korona m'buku la mapemphero, musalitaye bukulo. Olilemba adatsata mawu a Chilatini akuti corona, kutanthauza nkhata ya maluwa kapena chisoti chaufumu, ndipo m'kamwa mwa Mchewa l ndi r sasintha tanthauzo. Mawu omwewo ndiwo adapereka dzina kwa kachilombo kadatisautsa mu 2020 kaja, ndiye ine ndimakondwa kuti l amasiyanitsa pemphero ndi matenda papepala.

Pa nkhani ya wathu kapena yathu, zonse ziwiri zimamveka. Mawu obwereka sakhala ndi mphatikiram'mbuyo wotiuza gulu lake, choncho ena amalowa gulu la fodya (tiyi wanga, sopo wanga, kabudula wanga), ena gulu la nyumba (kalata yanga, sukulu yathu). Khutu langa limakonda kolona wathu, ndipo ambiri ndi makolona. Chachikulu n'chakuti m'kalata imodzi musayambe ndi wathu n'kumalizira yathu.

Funso lachiwiri ndi la mayi wina wa gulu la Legio ya Maria ku Dedza: "Mdzukulu wanga wabwera ku tchuthi akunena kuti Tikuoneni Maria ndi Chichewa chakale chosamveka. Akuti tizinena kuti Moni Maria, wodzaza ndi chisomo. Pamene tikupemphera madzulo, iye ake, ife athu. Wolondola ndani?"

Mayi, mdzukulu wanuyo sanalakwitse galamala, koma ine ndili mbali yanu, ndipo ndifotokoza chifukwa.

Mawu amene ambiri tidakula nawo ndi awa, ngakhale apo ndi apo amasiyana pang'ono: Tikuoneni Maria, a chaulere chodzaza, Ambuye ali nanu, ndinu odala mwa akazi onse, ndipo ngodala mwana wanu Yesu. Maria oyera, Amayi a Mulungu, mutipempherere ife ochimwa, tsopano ndi pa nthawi ya kufa kwathu. Gawo loyambalo ndi malonje a mngelo Gabriele pa Luka 1:28 ndi mawu a Elizabeti pa Luka 1:42. Gawo lachiwiri ndi pempho la Mpingo, limene lidakhazikika m'buku la mapemphero la ku Roma mu 1568, nthawi ya Papa Pius V.

Mawu akuti tikuoneni sadapekedwe ndi amishoni. Ndi malonje a kumudzi. Mlendo akafika amati odi, ana amamulandira katundu, amamuyalira mphasa, ndipo eni nyumba samulonjera ali chiimire. Amadikira akhale pansi, apume, kenako amasendera pafupi, amanjuta kapena kugwada, amawomba m'manja mofatsa, ndiye amati tikuoneni. Ndi moni wosathamanga, woperekedwa kwa munthu amene mwamupatsa malo. Moni wamba mutha kumuponya muli pa njinga. Onaninso ti- ali koyambirirayo. Ngakhale mukupemphera nokha usiku, mawuwo amati tikuoneni ndi mutipempherere, kusonyeza kuti simuli nokha pamaso pa Amayi Maria.

Chaulere ndi chisomo onse ndi mawu abwino. Mipingo ya Chipulotesitanti idasankha chisomo, mawu amene pa Chichewa cha tsiku ndi tsiku amanena za munthu wokondeka, amene anthu amangomukomera mtima. Akatolika adasankha chaulere, kuchokera ku ulere, chinthu chimene walandira osalipira kanthu, osachigwirira ntchito. Mawu a Chilatini akuti gratia ali ndi ganizo lomwelo la mphatso yosagula. Masiku ano achinyamata akamva chaulere amaganiza za katundu wogawidwa pa msonkhano, n'chifukwa chake mdzukulu wanu akuwaona ngati otsika. Komatu chiphunzitso chonse chagona pomwepo: zimene Maria adalandira sadazigule. Ine sindingalole kuti mawu amenewa atayike chifukwa choti amveka achikale.

Pali malo awiri pamene anthu amasiyanadi, ndipo apa galamala ili ndi chonena. Ena amati wa chaulere chodzaza, ndinu wodala, Maria woyera. Ena amati a chaulere, ndinu odala, Maria oyera. Pemphero lonseli likuyenda ndi ulemu: tikuoneni, nanu, ndinu, wanu, Amayi, mutipempherere. Tikayamba ndi ulemu, tipitirize ndi ulemu. Simunganene kuti amayi anga ndi wabwino pamaso pa akuluakulu osadzudzulidwa. Choncho a ndi odala ndiwo akugwirizana ndi mawu anzawo. Komabe ngati buku la ku parishi kwanu lidasindikiza wodala, tsatani bukulo popemphera pagulu, chifukwa kolona si malo okonzerana galamala.

Malo achiwiri ndi ngodala, amene ana ambiri amangowatchula osadziwa kuti ndi chiyani. Ndi chidule cha ndi wodala, monga timanenera ngwabwino, n'chabwino, n'zabwino. Muwauze adzukulu zimenezi, adzasiya kuwameza mawuwo. Muonenso kuti pamene Elizabeti adatchula chipatso cha mimba, pemphero lathu limangoti mwana wanu. Ndikuona kuti omasulirawo adamvetsa mwambo wathu. Ife mayi woyembekezera timati ali ndi pakati, ndi wodwala, sititchula mimba yake pagulu, nanji mayi amene tikumulemekeza.

Funso lachitatu lachokera kwa bambo wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg: "Kwathu ndili mwana, Lachinayi tinkalingalira zinsinsi zachimwemwe. Kuno Lachinayi akuti ndi zakuwala. Akamaliza khumi lililonse amawonjeza pemphero lina, ndipo wotsogolera wina amaika mawu pakati pa Tikuoneni Maria akatchula dzina la Yesu. Kodi ndi kolona yemweyo? Nanga n'chifukwa chiyani timati zinsinsi pamene aliyense akuzidziwa?"

Ndi yemweyo, bambo, ndipo kusinthaku si kwa ku Joni kokha. Mukabwera kumudzi mudzakupezanso.

Kwa zaka mazana angapo kolona wathunthu adali ndi makumi 15, kutanthauza Tikuoneni Maria 150, molingana ndi Masalimo 150. Anthu osadziwa kuwerenga ankapemphera ndi mikanda pamene amonke ankaimba Masalimo. Papa Pius V adatsimikiza dongosolo limeneli mu 1569. Magulu adali atatu: zachimwemwe Lolemba ndi Lachinayi, zachisoni Lachiwiri ndi Lachisanu, zaulemerero Lachitatu, Loweruka ndi Lamulungu. Izi ndizo mudaphunzira inu. Pa 16 Okutobala 2002 Papa John Paul II, yemwe uja adadzacheza ku Malawi mu Meyi 1989, adalemba kalata yopereka gulu lachinayi, zinsinsi zakuwala: ubatizo wa Yesu mu Yordani, ukwati wa ku Kana, kulalika Ufumu wa Mulungu, kusandulika kwa maonekedwe ake paphiri, ndi kukhazikitsa Ukaristia. Adaziika Lachinayi, ndipo zachimwemwe za tsikulo zidasamukira Loweruka. Chifukwa chake n'chomveka: kolona wakale ankachoka pa Yesu wa zaka 12 m'Kachisi n'kulumphira ku munda wa Getsemani, ntchito yake yonse yolalika osaikhudza. Papayo sadalamule. Adanena yekha kuti akusiyira ufulu munthu aliyense ndi gulu lililonse, choncho agogo amene akupitiriza makumi 15 sakuchimwa.

Pemphero la kumapeto kwa khumi lililonse lija, lopempha Yesu kuti atikhululukire machimo, atipulumutse ku moto wosatha ndi kutengera mizimu yonse kumwamba, lidachokera ku Fatima m'dziko la Portugal, kumene ana atatu oweta nkhosa adati Amayi Maria adawaphunzitsa mu Julayi 1917. Ambiri amalinena, ena salinena. Mawu oikidwa pambuyo pa dzina la Yesu ndi mwambo wakale kwambiri, wofala m'maiko olankhula Chijeremani. Louis de Montfort woyera, amene ansembe a chipani chake adafika ku Nzama, ku Ntcheu, mu 1901, ankauphunzitsanso, ndipo kalata ya 2002 ija idaulimbikitsa. Pa Chichewa umakhala bwino zedi, chifukwa gawo loyamba limathera pa dzinalo: ndipo ngodala mwana wanu Yesu, amene adabatizidwa mu Yordani. Kapena: Yesu, amene adasenza mtanda chifukwa cha ife. Maganizo akayamba kuyendayenda, timawu timeneti timawabweza pa chinsinsi chimene mukulingalira. Ndikadakonda miphakati yathu ikadayesa njira imeneyi.

Pomaliza kolona pamasiyananso. Ena amatsekera ndi pemphero lolonjera Maria ngati Mfumukazi, ena amawonjeza litaniya (mndandanda wa maina olemekezera Maria), ena mu Okutobala amaikapo pemphero la kwa Yosefe woyera, monga adapempha Papa Leo XIII mu 1889. Litaniyayo nayo imakula. Mu Juni 2020 Papa Francis adawonjezamo maina atatu a Maria: Amayi a chifundo, Amayi a chiyembekezo, ndi lina limene ine ndingalimasulire kuti Mtonthozi wa osamuka kwawo. Lachitatuli ndi lanu, bambo, inu ndi anzanu onse amene mudasiya mabanja kukasaka ntchito kutali.

Tsono za zinsinsi. Mwafunsa bwino, chifukwa pa Chichewa chinsinsi ndi nkhani yosayenera kuululidwa, pamene kubadwa kwa Yesu timakulengeza ndi ng'oma. Mu Mpingo mawuwa amanena za chinthu chimene chidali chobisika mwa Mulungu, iye n'kuchiulula, koma nzeru za munthu sizingachifike pansi. Mawu akuti zozama akadafotokoza bwino mbali imeneyi. Komabe zinsinsi adazika mizu, ndipo ntchito ya aphunzitsi ndi kuwafotokozera ana tanthauzo lachiwirili asanayambe kuloweza mndandanda. Maina a magulu nawo amasiyana, wina zachimwemwe wina zokondweretsa, wina zaulemerero wina zaulemu. Onse akuloza chinthu chimodzi.

Funso lomaliza ndi la mtsikana wina woimba kwaya ku Mangochi: "Pa 3 koloko masana anthu amapemphera kolona wa Chifundo, koma alibe makumi a Tikuoneni Maria. N'koyenera kumutcha kolona? Ndiponso timati kupemphera kolona, kunena kolona, kapena kuwerenga kolona?"

N'koyenera, chemwali. Pa Chichewa kolona ndi chingwe cha mikanda chija, komanso ndi pemphero lonenedwa pa mikandayo. Wa Chifundo cha Mulungu, amene adachokera kwa sisitere Faustina Kowalska wa ku Poland mu 1935, amagwiritsa mikanda yomweyo 59 koma ndi mawu ena. Palinso wa zisoni zisanu ndi ziwiri za Maria, wa magulu 7 a mikanda 7, amene adafalanso mu Africa muno kudzera ku Kibeho m'dziko la Rwanda kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndi wa Afransisko wa makumi 7. Mukangoti kolona, aliyense amva wa masiku onse uja. Enawo muziwatchula ndi dzina lonse.

Pa mneni, kupemphera kolona ndiko kwabwino koposa. Kunena kolona kumamveka ndipo si kulakwa. Kuwerenga kolona ndimakukana, chifukwa kuwerenga pa Chichewa ndi kuwerengetsanso, ndiye zimamveka ngati ntchito ndi kuona kuti mikanda yakwana. Ndipo nthawi zina timachitadi zomwezo. Pa siwa usiku, moto ukuyaka panja, amayi atakhala m'nyumba mozungulira bokosi, mumamva mbali imodzi isanafike pa mwana wanu Yesu, inayo yalowa kale ndi Maria oyera, dzina la Yesu n'kumira pakati pa mawu. Kusiyana kwa odala ndi wodala sikundipweteka ngati kumeneku. Inu a kwaya mumadziwa kupuma pakati pa mizere ya nyimbo. Mukapatsidwa khumi loti mutsogolere, tchulani dzinalo momveka, mupume kamodzi, ndipo oyankha adzazolowera kudikira.